Kodi mafuta a kokonati amakulitsadi tsitsi?

Yankho lachidule ndi ayi. Koma musathamangire kutaya botolo lanu, chifukwa mafutawa ali ndi ntchito ina yeniyeni, ndipo ntchitoyo ndi physics yokhayokha.

Tiyambe ndi tsitsilo. Mbali yake yamoyo ili mkati mwa khungu la kumutu, kumizu. Kumeneko ndi kumene limapangidwa, pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, kwa ena kucheperako. Limene likuoneka kunjali ndi lakufa, n'chifukwa chake simumva kuwawa akamakumetani. Ndi ulusi wa puloteni yotchedwa keratin, yomwenso imapanga zikhadabo. Chakufa sichidya. Ndiye mukaona pabotolo atalemba kuti mafutawo amadyetsa tsitsi, dziwani kuti ndi mawu otsatsira malonda basi. Mizu imalandira chakudya kuchokera m'magazi, kutanthauza nyemba, usipa, mazira ndi masamba amene mwadya.

Nanga bwanji ena amalumbira kuti lawo linatalika atayamba kudzola? Sakunama ayi, koma pakufunika kasamu pang'ono. Kutalika kumene mumaona ndi tsitsi lomwe lamera, kuchotserapo lomwe laduka. Tiyerekeze kuti pa miyezi 6 lamera masentimita 6, koma 5 adukira pachipeso. Inu mudzati tsitsi langa silikula, pamene likukula bwinobwino. Chilichonse chochepetsa kuduka chimaoneka ngati chakulitsa tsitsi.

Chimodzi mwa zomwe zimalifooketsa ndi madzi. Mu 1783, Horace-Bénédict de Saussure wa ku Geneva anapanga hygrometer, chipangizo choyezera chinyontho cha mumpweya, pogwiritsa ntchito kaulusi kamodzi ka tsitsi la munthu. Chinyontho chikachuluka, tsitsilo limamwa madzi, kutalikako pang'ono n'kusuntha kamuvi kolozera manambala. Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti tsitsi la m'chipangizo chotere amayamba alichotsa kaye mafuta, apo ayi silimva chinyontho msanga. Gwirani mfundo imeneyi.

Mukamasamba m'mutu zimachitikanso chimodzimodzi, kungoti tsitsi limafufuma kwambiri m'mimba mwake kusiyana ndi m'litali. Kunja kwa ulusi uliwonse kuli timamba tosanjikizana ngati ta chambo. Ulusi ukafufuma, timambato timatukuka. Mukadutsitsapo chipeso nthawi imeneyo, kukhulana kuja timakutchula friction m'kalasi kumakula, ndipo timamba tina timasupuka. Likauma limanyala, mawa kufufumanso, mkuja kunyalanso. Tsitsi lathu lopotanali limavutika kwambiri, pakuti ulusi wake si wobulungira bwino ndipo paliponse pamene wapindika ndi pofooka, ngati waya amene mwamupinda kambirimbiri. Mukawonjezera mankhwala owongolera tsitsi kapena moto wa ku saluni, ndiye basi, langotsala pang'ono kuthyoka.

Apa ndi pamene kokonati amapambana anzake. Pafupifupi theka la mafutawa ndi lauric acid, molekyu ya ma carbon 12 ondondozana mowongoka ngati kandodo. Poti ndi yaifupi, yowongoka, komanso imagwirizana ndi puloteni, imatha kulowerera mkati mwa ulusi wa tsitsi. Mafuta akakhala mkatimo, madzi olowa amachepa, ndipo kufufuma kumachepanso. Mafuta a mpendadzuwa ali ndi linoleic acid yambiri, ya ma carbon 18 komanso yopindika, ndiye amangotsalira kunja. Mu 2003, Rele ndi Mohile a ku Mumbai anayerekeza mafuta a kokonati, a mpendadzuwa ndi mineral oil. Anapeza kuti a kokonati okha ndi amene anachepetsa mooneka puloteni yotayika tsitsi likamachapidwa ndi kupesedwa. Komatu awiriwa ankagwira ntchito ku Marico, kampani yogulitsa mafuta a kokonati. Sizikutanthauza kuti ananama, koma wophunzira sayansi ayenera kumafunsa kuti kafukufuku walipira ndani. Onaninso kuti chomwe anayeza ndi kuwonongeka kwa tsitsi, za kumera sanayeze.

Kadzoledwe kake kakuchokera pomwepo. Pakani pang'ono musanasambe m'mutu, kwatsala ola limodzi kapena usiku wake, kuti madzi akapeze mafuta atalowa kale. Pakani tsitsi lenilenilo, makamaka kunsonga komwe ndi kwakale kwambiri, osati kukhuthulira pakhungu. Mukawapeza atagwirana ngati majarini m'mawa wa June ku Dedza, sanawonongeke. Amasungunuka pa 24°C kapena chapomwepo, moti ku Nsanje mu October amakhala amadzimadzi. Ingowafikisani m'manja, thupi lanu ndi 37°C.

Zina amangowanamizira. Mafuta si madzi, choncho kuwapaka patsitsi louma gwa sikulipatsa chinyontho. Nsonga zomwe zang'ambika sizimatikanso, mankhwala ake ndi sizasi. Dazi salichiza. Tsitsi likamathothoka m'mbali mwa chipumi chifukwa choluka mokoka kwambiri, chofunika n'kumasula, osati kudzola. Pa mfundu ndiye samalani, chifukwa kafangasi kotchedwa Malassezia komwe kamathandiza kuyambitsa mfundu kamadya mafuta, ndiye mutha kumakanenepetsa. Chipere cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa a kuchipatala, ndipo mukamachedwa ndi zodzola mumakhala mukupatsira anzanu kudzera pachipeso ndi makina ometera. Inu amene sukulu yanu imafuna tsitsi lalifupi, lanulo silinakhalitse moti n'kuwonongeka. Ndalamayo gulirani makope, za kokonati mudzaziona mukalemba MSCE.

Amene muli ndi tsitsi lalitali, yesani izi. Pesani mutayala pepala loyera, kenako yang'anitsitsani zomwe zagwa. Ulusi wokhala ndi kamutu koyera kumapeto wachoka ndi muzu, ndipo si vuto, munthu amataya 50 mpaka 100 otere pa tsiku. Tizidutswa topanda kamutu ndi tomwe taduka. Werengani timeneti kamodzi pa sabata kwa mwezi wathunthu musanayambe kudzola, kenako mwezi wina mukudzola. Chipeso chikhale chomwecho, sopo yemweyo, tsiku losambira m'mutu lomwelo, kuti chosintha chikhale mafuta okha.