Kodi Chifalansa N'chachikulu Bwanji?

Ife a ku Milange timakhala pakati pa zinenero zinayi. Pakhomo timalankhula Chinyanja, chimene abale athu akutsidya amachitcha Chichewa. Ambiri timalankhulanso Chilomwe. Ku ofesi ya boma ndi pa mapepala a kuchipatala pali Chipwitikizi. Tikawoloka mtsinje wa Muloza ndi njinga ya chimanga kapena nandolo, zikwangwani zimasanduka za Chingerezi.

Tsono ena mwa ana athu a kusekondale akubwera ndi chinenero chachisanu. Akuti akuphunzira Chifalansa. Makolo ena akudandaula kuti, "Ndalama ya makope ikusowa. Nanga Chifalansacho adzalankhula ndi yani kuno?" Funso limeneli ndi loyenera. Tiyeni, abambo ndi amayi, tiliyankhe bwinobwino.

Poyamba tikumbukire m'mene zinenero za Azungu zinafikira. Mu 1884 ndi 1885 maiko a ku Ulaya anakumana mu mzinda wa Berlin kuti agwirizane za kulanda Africa. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi analemberana pangano la malire athu ano. Phiri la Mulanje linagwera kwa Angerezi, phiri la Tumbine kwa Apwitikizi. Agogo athu sanafunsidwe. N'chifukwa chake lero mwana wa mlongo wathu amalemba mayeso m'Chingerezi, wathu m'Chipwitikizi, chonsecho amadya nsima m'mbale imodzi.

Chifalansa chinafala chimodzimodzi. Dziko la France linalanda Senegal, Mali, Côte d'Ivoire, Madagascar ndi maiko ena ambiri. Dziko la Belgium linatenga Congo, pambuyo pake Rwanda ndi Burundi, ndipo nalonso linabwera ndi Chifalansa. Choncho tikamva kuti chinenero chakuti n'chachikulu, tisaganize kuti n'chokoma kapena chanzeru kuposa chathu. Chinakula chifukwa eni ake anali ndi zombo, mfuti ndi masukulu.

Nanga ochilankhula alipo angati? Pali bungwe la maiko olankhula Chifalansa lotchedwa Francophonie. Mu 2022 bungweli linanena kuti anthu olankhula Chifalansa pa dziko lonse analipo 321 miliyoni. Kuno ku Mozambique tapitirira 30 miliyoni. Ndiye kuti tikawerenga anthu onse a dziko lathu kakhumi, tayandikira chiwerengero chimenecho. Bungweli linaika Chifalansa pa malo achisanu, pambuyo pa Chingerezi, Chitchaina, Chihindi cha ku India ndi Chisipanishi. Tisaiwale kuti amene anawerengawo ndi eni chinenero, ndipo munthu poyesa zokolola za m'munda mwake sakonda kuchepetsa. Komabe palibe amene amatsutsa kuti Chifalansa chili m'gulu la zinenero zikuluzikulu.

Chingerezi chili patsogolo kutali. Ochidziwa ndi pafupifupi 1,500 miliyoni, ndipo ambiri a iwo anachiphunzira kusukulu, osati kwa amayi awo. Chitchaina chili ndi anthu oposa 1,000 miliyoni, koma ambiri amakhala m'dziko limodzi. Chipwitikizi chili ndi anthu oposa 250 miliyoni. Mwa amenewa oposa 200 miliyoni ali ku Brazil, kutsidya kwa nyanja yaikulu.

Chodabwitsa ndi ichi: dziko la France lenilenilo lili ndi anthu pafupifupi 68 miliyoni okha. Olankhula Chifalansa ambiri si Afalansa ayi. Mwa anthu 10 amene amachilankhula tsiku ndi tsiku, 6 ali mu Africa muno. Mzinda wa Kinshasa, likulu la Congo, uli ndi anthu ambiri kuposa mzinda wa Paris. Koma tisanamizane. Mayi wogulitsa nsomba pamsika wa ku Kinshasa amaitana ogula m'Chilingala, ndipo wa ku Dakar, likulu la Senegal, amaitana m'Chiwolofu. Kwa iwo Chifalansa ndi cha kusukulu, ku ofesi ndi kubwalo la milandu, monga chilili Chipwitikizi kwa ife.

Mphamvu ina ya Chifalansa ili m'misonkhano ya maiko. Bungwe la United Nations lili ndi zinenero 6 zovomerezeka: Chiarabu, Chitchaina, Chingerezi, Chifalansa, Chirasha ndi Chisipanishi. Chipwitikizi mulibe. Mu 2017 Mpwitikizi António Guterres anakhala mlembi wamkulu wa bungweli, koma chinenero cha kwawo sichinalowebe m'gulu la 6 lija. M'bungwe la African Union ndi la SADC, m'menemo Chipwitikizi chilimo, pamodzi ndi Chingerezi, Chifalansa ndi Chiswahili. Ku SADC timakhala pamodzi ndi Congo, Madagascar, Comoros, Mauritius ndi Seychelles, ndipo m'maiko onsewa Chifalansa chimamveka. Munthu amene adziwa Chipwitikizi, Chingerezi ndi Chifalansa angathe kumasulira m'misonkhano yotere, ndipo anthu otero sachuluka.

Wina anena kuti, "Zimenezo ndi za akuluakulu a ku Maputo." Koma za Afalansa zina zili m'manja mwathu momwemu. Tikapita kusikelo ndi thumba la nandolo timafunsa makilo. Pogula nsalu timanena mamita, pogula mafuta malita. Miyeso imeneyi inakhazikitsidwa ndi lamulo ku France mu 1795. Kale kumeneko dera lililonse linali ndi muyeso wakewake, ndipo olemera ankabera alimi mosavuta. Ife zimenezi tikuzidziwa bwino. Wogula akabwera ndi chitini chake chimene wachimenya kuti chikule, amene amaluza ndi mlimi. Kilo ndi yemweyo ku Milange, ku Limbuli, ku Mocuba ndi ku India kumene nandolo wathu wambiri amapita. Chofunika n'chakuti tidziwe kuwerenga manambala a pasikelo tokha.

Amene anayendapo maiko akutali akudziwanso khadi lachikasu la katemera limene amafunsa pa zipata zina. Khadi limeneli limalembedwa m'Chingerezi ndi m'Chifalansa. Ndiponso ambiri tinamvapo za madokotala a MSF. Dzina lawo lonse ndi Médecins Sans Frontières, mau a Chifalansa otanthauza madokotala opanda malire. Bungweli linayambira ku Paris mu 1971, ndipo mu 2001 linayamba kupereka mankhwala a ARV ku Chiradzulu, kutsidya kuja.

Palinso anthu. Ife tikudziwa kuthawa nkhondo. Nkhondo ya m'dziko lathu isanathe mu 1992, anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni anali ku Malawi. Ambiri a kuno ku Milange anakhala m'boma la Mulanje, ndipo ana awo anabwerako akudziwa Chingerezi. Pambuyo pake nkhondo inathamangitsa anthu a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ena anafikira ku Maratane, pafupi ndi Nampula, ena ku Dzaleka, m'boma la Dowa ku Malawi. Ambiri amalankhula Chiswahili, koma makalata awo a sukulu ndi a ntchito analembedwa m'Chifalansa. Namwino kapena mphunzitsi wotere akafika pa ofesi popanda womumasulira, amaoneka ngati sanapite kusukulu. Amene tinakhalapo alendo m'dziko la eni tikudziwa kuwawa kwake.

Za ntchito za makampani tisafulumire kulonjeza ana athu. Kampani ya ku France ya TotalEnergies ndiyo inatsogolera ntchito yaikulu ya gasi kufupi ndi Palma, ku Cabo Delgado, ndipo mu 2021 ntchitoyo inaima chifukwa cha zigawenga. Koma ngakhale pa ntchito zotere, pamene pamakumana anthu a maiko ambiri, chinenero chimene chimamveka kwambiri ndi Chingerezi.

Ndipo si konse kumene Chifalansa chikukula. Mu 2008 dziko la Rwanda linaganiza zoti ana aziphunzira m'Chingerezi m'malo mwa Chifalansa. Mu 2023 dziko la Mali linachotsa Chifalansa pa udindo wa chinenero cha boma, n'kukweza zinenero za anthu ake. Mu 2025 maiko a Mali, Burkina Faso ndi Niger analengeza kuti akutuluka mu Francophonie. Kumeneko anthu ambiri amachiona Chifalansa ngati chotsalira cha atsamunda.

Dziko lathu linasankha kutsegula makomo onse atatu. Mu 1995 Mozambique analowa m'bungwe la Commonwealth ngakhale kuti sanalamulidwepo ndi Angerezi. Chifukwa chake n'choonekeratu: maiko onse 6 amene tachita nawo malire, Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini, amagwiritsa ntchito Chingerezi. Mu 1996 tinali m'gulu la maiko amene anayambitsa CPLP, bungwe la olankhula Chipwitikizi. Mu 2006 tinalandiridwa mu Francophonie ngati oonerera.

Nanga ife a m'mudzi tiyambire pati? Ife tikuona kuti choyamba ndi kuwerenga ndi kulemba chinenero chathu, monga tikuchitira m'kalasi muno. Mu 1993 masukulu ena a ku Tete anayesa kuyambitsa ana m'Chinyanja asanalowe m'Chipwitikizi, ndipo kuyambira 2003 njira imeneyi inafalikira m'zigawo zina. Munthu amene wadziwa kugwirizanitsa zilembo m'mau amene amawamva, savutika kwambiri akafika pa chinenero chachilendo. Chachiwiri ndi Chipwitikizi, pakuti chitupa, kalata ya malo ndi chikalata cha kubwalo zimalembedwa m'menemo, ndipo wosachidziwa amadinda chala pa zimene sanamve. Chingerezi chili pafupi, pa mlatho pomwepa. Kwa ife akuluakulu, Chifalansa chingathe kudikira.

Koma mwana amene wachipeza kusukulu tisamugwetse ulesi. Iye ali ndi mwayi umene anzake akutsidya alibe. Chipwitikizi ndi Chifalansa ndi pachibale, pakuti zonse zinachokera ku Chilatini. Buku m'Chipwitikizi ndi livro, m'Chifalansa ndi livre. Sukulu ndi escola, kwinaku école. Dzanja ndi mão, kwinaku main. Nyanja ndi mar, kwinaku mer. Katchulidwe kake ndiye kovuta, chifukwa Afalansa amalemba zilembo zambiri zimene sazitchula. Madzulo ano mwana akabwera, timuuze atiwerengere mau anayiwa, ife tiziloza ndi chala.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zinenero zimene mwamva sabata ino, ndi malo amene munazimva.
2. Kodi munasainapo kapena kudinda chala pa pepala limene simunalimve? Linali m'chinenero chanji?
3. Lembani m'kope mwanu manambala awa: 6, 30, 68, 321.