ANISE: NJERE YONUNKHIRA NDI KASUNGIDWE KACE

Alimi ndi amai a m'midzi, lero tiphunzire za mbeu ina yacilendo yochedwa anise. Kwao kwa mbeu imeneyi ndi maiko a kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean, ndipo anthu a ku Egypt, Turkey, Syria ndi Spain amailima kufikira lero. Kuno kwathu njere zace zimapezeka m'masitolo ena a m'matauni ogulitsa zokometsera cakudya. Munthu akagula ayenera kudziwa kasungidwe kace, cifukwa anise wosungidwa moipa asanduka ngati mankhusu ndipo ndalama zitayika pacabe.

MAONEKEDWE ACE

Anise ndi m'bale wace wa karoti. Amakula kufika m'maondo mwa munthu kapena kupitirira pang'ono, nacita timaluwa toyera tosanjikana ngati ambulera. Amakhwima patapita miyezi 4. Njere zace ndi zazing'ono koposa mpunga, zotuwa mobiriwira, ndiponso zotsekemera mukazitafuna. Mphamvu yace yonse iri m'mafuta ocepa a m'kati mwa njere, ndipo mbali yaikuru ya mafutawo ndi cinthu cochedwa anethole. Mafuta amenewa amauluka monga acitira parafini wa m'botolo losatseka. Kumbukirani mau awa, pakuti phunziro lonse lagona pamenepa.

POPHIKA

Aroma akale anali kudya mkate wotsekemera wothira anise pambuyo pa madyerero kuti m'mimba musatupe. Ku Germany ndi ku Italy amathira njerezi m'mabisiketi, ndipo ku Egypt amamwa tiyi wace wochedwa yansoon. Amai akhoza kuyesa kuthira theka la supuni ya tiyi ya njere zosinja mu ufa wa mkate kapena wa zitumbuwa. Musacurukitse, cifukwa pfungo lace ndi lamphamvu.

MONGA MANKHWALA

Kuyambira kale anthu a ku Ulaya amamwa anise pofuna kucepetsa mpweya ndi kutupa kwa m'mimba, ndiponso kumasula makhololo pa cifuwa ca cimfine. Phwanyani supuni ya tiyi imodzi ya njere, thirani madzi owira kapu imodzi, bvundikirani ndi kambale kuti mafuta asathawe ndi nthunzi, ndipo dikirani mphindi 10. Munthu wamkuru akhoza kumwa katatu pa tsiku, koma asapitirire masabata 2. Ana osakwana zaka 12 musawapatse. Amai apakati ndi oyamwitsa ayambe afunsa ku cipatala. Cifuwa cikakhalitsa masabata 2, kapena munthu akayamba kuonda ndi kuturuka thukuta usiku, apite akapimidwe cifuwa cacikuru ca TB. Anise saciza nthenda imeneyo.

CENJERANI

Kuli cinthu cina cochedwa star anise, cipatso couma conga nyenyezi cocokera ku China ndi Vietnam. Pfungo lace ndi lofanana, koma mtengo wace ndi wina. Mtundu wace wa ku Japan uli ndi ululu, ndipo m'caka ca 2003 boma la America linacenjeza anthu kuti asamwe tiyi wa star anise cifukwa ena, pamodzi ndi makanda, anadwala atamwa. Ndiponso musatole njere za kuthengo zooneka ngati anise, pakuti abale ace ena ndi akupha.

KASUNGIDWE

1. Gulani njere zathunthu, osati ufa. Njere zisunga pfungo zaka 2 kapena kuposerapo, koma ufa uzirala m'miyezi yocepa.

2. Ngati mwalima nokha, dulani ngala zace njere zikatuwa, yanikani pamthunzi popita mphepo, pomaliza punthani ndi kupeta m'licero.

3. Ikani njere zouma bwino m'botolo kapena m'citini cotseka zolimba. Pepala ndi nsaru sizitsekereza pfungo.

4. Sungani pamalo ozizira ndi amdima, kutali ndi mafuwa, mbaula ndi dzuwa la pa zenera.

5. Musatape ndi supuni yonyowa, makamaka m'nyengo ya dzinja, cifukwa cinyezi cibweretsa cuku. Njere zacuku tayani.

6. Sinjani zokhazo zimene mufuna tsiku limenelo.

Pofuna kudziwa ngati anise wanu akali ndi mphamvu, tikitani njere zingapo pakati pa zala ndi kununkhiza. Pfungo likamveka msanga, ali bwino. Likapanda kumveka, mafuta anatha kale, ndipo yesani motero musanapereke ndalama zanu kwa wogulitsa.