Mkonono Wobanika Ukhoza Kuwononga Maso

Amalawi ambiri ogwira ntchito zausiku ku Manchester, Dublin kapena Johannesburg akadzuka ali lefu, mutu ukuwawa, amangoti ndi kutopa kwa mashifiti. Koma ngati anzawo a m'nyumba amadandaula kuti mkonono wawo umaduka mwadzidzidzi, kenako n'kudzidzimuka ngati atsamwa, pamenepo pali matenda otchedwa obstructive sleep apnoea. Minofu ya kummero imalefuka munthu ali m'tulo, njira ya mpweya n'kutsekeka kwa masekondi 10 kapena kuposerapo. Zikamachitika koposa ka 30 pa ola, madokotala amati matendawo afika poipa.

Zoti vutoli limakweza BP zimamveka kawirikawiri. Za maso n'zimene anthu sauzana.

Okosijeni ikamatsika m'magazi usiku ndi usiku, mtsempha wolumikiza diso ndi ubongo umavutika. Odwala matendawa amapezeka kwambiri ndi glaucoma, nthenda yomwe imadya maso kuyambira m'mbali popanda ululu, ndipo pomwe yawononga sipabwereranso. Apa Mmalawi atchere khutu, chifukwa glaucoma imagwira anthu akuda kwambiri komanso msanga kuposa azungu. Palinso NAION: magazi amasiya kufika bwino pa mtsempha uja, munthu n'kudzuka m'mawa diso limodzi likuona theka lokha kapena mwachimbuuzi. Wotereyu asati aone kaye mawa, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Kwa odwala shuga, kubanikaku kumawonjezera kuwonongeka kwa timitsempha ta m'diso.

Chizindikiro china chili pa chikope. Chikope cham'mwamba chimawezuka moti chimapindika chokha munthu akatsamira pilo, mkati mwake n'kumakhuzika pansalu usiku wonse. Kukacha diso lili psuu, manthongo ali mbwee, makamaka mbali imene amagonera. N'zomvetsa chisoni kuti ena amatha miyezi akugula mankhwala odontheza m'maso, gwero lili kummero.

Ku Britain njira yake imayambira kwa GP, dokotala wa m'dera, yemwe amatumiza wodwala ku sleep clinic. Nthawi zambiri amam'patsa kachipangizo kokagona nako kunyumba, koyeza kapumidwe ndi okosijeni. Akapezeka nawo, bungwe la zaumoyo la boma, NHS, limapereka kwaulere makina a CPAP, opopera mpweya kudzera m'masiki kuti kummero kusatsekeke. Masikiyo ikapanda kugwira bwino kumaso, mpweya umawomba m'maso n'kuwaumitsa. Aikonzetse ku kilinikiko, asataye makinawo. Kuchepetsa thupi, kupewa mowa pokagona ndi kugona chammbali m'malo mwa chagada kumathandizanso. Woyendetsa galimoto yemwe matendawa amam'chititsa kusinza masana afunse dokotala za malamulo a DVLA, bungwe loona za malayisensi oyendetsera galimoto.

Kuyezetsa maso n'kwaulere ku Scotland. Ku England n'kwaulere kwa odwala shuga, a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndi a zaka 40 kapena kuposa omwe kholo, mwana kapena m'bale wawo wa bere limodzi ali ndi glaucoma. Aliyense woliza mkonono wobanika akapita koyezetsako, auze woyezayo za mkononowo, ndipo apemphe kuti amuone mtsempha wa diso, osati magalasi okha.