Madzi a mu kompuresa amawononga makina odulira zitsulo

Alimi anzanga, sabata ino tituluke kaye m'munda, tipite kwa owotcherera a pamsika pathu, popeza ngolo, pulawo kapena chigayo zikathyoka timathamangira komweko.

Mwezi wa Januwale ndinaperekeza mlimi wina kukadulitsa chitsulo chokonzera ngolo yake, imene inathyoka feteleza wobereketsa asanafike kumunda. Wowotchererayo ali ndi makina a plasma, amene amadula chitsulo ndi moto wa magetsi wokankhidwa ndi mpweya wochokera mu kompuresa. Tsikulo motowo unkangothetheka n'kuzima, podulapo panali pokhakhala, ndipo timilomo tiwiri ta makinawo tinapsa dzuwa lisanafike paliwombo. Mwiniwake ankada magetsi. Koma nditatsegula kampopi ka pansi pa thanki ya kompuresa, panatuluka madzi ofiira ndi dzimbiri odzaza kapu.

Madziwa amachokera mu mpweya umene timapumawu. Kukatentha madigiri 30, mpweya wokwana kiyubiki mita imodzi umatha kusunga magalamu 30 a madzi. Kompuresa yokoka malita 200 pa mphindi imameza makiyubiki mita 12 pa ola. Tsono m'nyengo ya dzinja, chinyezi chikachuluka, madzi olowa pa ola limodzi amatha kufika botolo la Fanta. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo ukamazizira m'thanki ndi m'mapaipi madziwo amatsika ngati mame. Akafika pa moto wa makina amadya kamlomo ka kopa pamodzi ndi kachitsulo ka m'kati koyatsa motowo. Oyilo wa kompuresa ndi fumbi zimachitanso chimodzimodzi.

Nazi zoyenera kuchita.

Choyamba, khetsani madzi m'thanki tsiku lililonse poweruka, ndipo m'dzinja kawiri pa tsiku. Madzi ogonera amadya thanki m'kati, ndipo thanki yadzimbiri imatha kuphulika.

Chachiwiri, ikani kompuresa pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi fumbi la chigayo ndi pamene mukunolera zitsulo. Sefa yake yokokera mpweya muziitsuka kapena kuisintha ikada.

Chachitatu, musamangirire sefa yogwira madzi pakamwa penipeni pa thanki. Pamenepo mpweya ukadali wotentha, ndipo madzi amadutsa ngati nthunzi sefa osawagwira. Yambani mwaudutsitsa m'paipi yachitsulo kapena ya kopa yosachepera mamita 6 kuti uzizire. Paipiyo ikhale yopendekeka pang'ono, ndipo kumunsi kwake muikeko kampopi kokhetsera madzi. Paipi ya pulasitiki yamadzi ya PVC ayi: ikaphulika ndi mpweya imamwaza zidutswa zakuthwa ngati magalasi.

Chachinayi, kumapeto kwa paipiyo ndandalikani masefa motere: yogwira madzi, kenaka yogwira oyilo, potsiriza kabotolo ka timikanda touma totchedwa silica gel pafupi ndi makina. Timikanda tabuluu timasanduka tapinki tikakhuta madzi. Musatitaye, tiumitseni mu uvuni wotentha pafupifupi madigiri 120 mpaka mtundu wake ubwerere.

Chachisanu, makinawa akhale ndi paipi yawoyawo yamphira. Imene inadutsapo oyilo wa zipangizo zina simayera m'kati ngakhale muitsuke.

Chachisanu ndi chimodzi, werengani geji pamene mpweya ukutuluka, osati makina ali chete. Makina aang'ono ambiri amadula bwino pakati pa 4 ndi 6 bar, koma tsatani nambala yolembedwa m'buku la makina anu. Geji ikamatsika pakati pa ntchito, ndiye kuti sefa yatsekeka, paipi ikudontha, kapena kompuresa yachepa.

Pofuna kudziwa ngati mwakhoza, uzirani mpweyawo papepala loyera kwa mphindi imodzi. Likanyowa kapena kuoneka madontho a mafuta, ntchito ikadalipo.

Wowotcherera uja tinamukhetsera thanki, n'kusunthira sefa kumapeto kwa paipi yachitsulo imene inali kungokhala kuseri kwa shedi. Madzulo omwewo kamlomo kamodzi kanadula chitsulo chonse, ndipo m'mawa mwake ngolo inanyamula feteleza. Inu alimi, mukapita kokonzetsa zipangizo, m'funseni mmisiri wanu kuti thanki anaikhetsa liti. Mtengo wa timilomo topsa ndi madzi umadzagwera inu nomwe polipira.