Phunziro la zamalonda: kuchita bizinesi ndi dzina la eni ake

Aliyense amene amayenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Lizulu kudzera pa boma la Ntcheu mpaka ku Manjawira waonapo malo omwetsera mafuta opakidwa utoto wofanana ndi ena a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kawirikawiri amene amayendetsa malo otere ndi munthu wamba amene anasainirana mgwirizano ndi kampani yomwe dzina lake lili pachikwangwani. Mgwirizano wamtunduwu ukakhala kuti wakhudza dzina, katundu ndi kayendetsedwe konse ka bizinesi, pa Chingerezi umatchedwa franchise. M'phunziro lino tiona mmene umayendera, kuti amene akuganiza zoikamo ndalama za penshoni, za mbewu kapena za banki m'khonde adziwe chimene akugula.

Mbali ziwiri za mgwirizano

Mbali yoyamba ndi mwini dzina, amene anayambitsa bizinesi n'kuitchukitsa. Yachiwiri ndi wobwereka dzina, amene amatsegula sitolo kapena malo odyera ndi ndalama zake, koma n'kumagulitsa pansi pa dzina ndi malamulo a mwini uja. Mwini dzina amaphunzitsa antchito, amalengeza malonda ndiponso amayendera malowo. Wobwereka amalipira lendi, malipiro a antchito ndi misonkho. Bizinesi ikagwa, mpamba umene wapita ndi wake.

Chitsanzo chodziwika ndi KFC, imene ili ndi malo odyera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Harland Sanders wa ku America anali ndi njira yakeyake yokazingira nkhuku. M'chaka cha 1952 analola Pete Harman wa ku Salt Lake City kugwiritsa ntchito njirayo, ndipo eni malo odyera amene ankalowa mgwirizanowu ankamulipira kandalama pa nkhuku iliyonse yogulitsidwa. Motero dzina linafalikira popanda Sanders kumanga yekha nyumba zonsezo.

Tisasokoneze zimenezi ndi ntchito ya ma ejenti a Airtel Money kapena TNM Mpamba amene tili nawo m'misika yathu. Ejenti amalandira komishoni kuchokera ku kampani, pamene wobwereka dzina ndiye amalipira kampani.

Ndalama zimene zimatuluka

Malipiro amakhala a mitundu itatu: ndalama yolowera imene imaperekedwa kamodzi, gawo la mwezi ndi mwezi la mwini dzina, ndi chopereka cha kulengeza malonda. Chofunika kuchigwiritsa ndi ichi: nthawi zambiri gawo la mwini dzina limawerengedwa pa ndalama zonse zimene mwagulitsa, osati pa phindu.

Tiyerekeze kuti malo odyera agulitsa zakudya za K2,000,000 pa mwezi, ndipo katundu, lendi, magetsi ndi antchito zadya K1,800,000. Patsala K200,000. Ngati mgwirizano ukuti mwini dzina atenge K6 pa K100 iliyonse, ndiye kuti atenga K120,000. Ngati kulengeza malonda ndi K2 pa K100 iliyonse, papitanso K40,000. Wobwereka atsala ndi K40,000 yokha. Mwezi umene malonda avuta, monga Januwale ndi Febuluwale pamene ndalama zimasowa m'midzi, iye akhoza kutuluka chimanjamanja koma mwini dzina atalandira gawo lake.

Ubwino ndi zomangika zake

Ubwino ulipo. Makasitomala amabwera akulidziwa kale dzinalo, ndipo wobwereka sayamba mwa kuyesayesa, chifukwa njira yogwirira ntchito inayesedwa kale. Wapaulendo wa pa basi amene waima mphindi zochepa pa boma amakhulupirira msanga dzina limene akulidziwa.

Koma ufulu umachepa. Mwini dzina angathe kulamula mtundu wa mbatatesi, kukula kwa tchipisi ndi kumene katundu agulidwe. Ngakhale mbatatesi itatchipa pa Tsangano, kapena kabichi ndi tomato atadzaza msika wa Lizulu, simungagule kumeneko ngati mgwirizano sukulola. Apa alimi athu aphunzirepo: amene angapeze msika kwa mabizinesi otere ndi amene ali m'makopaletivu, okhoza kupereka mbewu zofanana, pa nthawi yake, chaka chonse.

Komanso dzina silikhala lanu. Zaka za mgwirizano zikatha, chikwangwani chikhoza kutsitsidwa ngakhale munamanga nyumba yokongola.

Musanasaine

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani mafunso awa ndipo mayankho ake alembedwe mu mgwirizano:

1. Kodi mgwirizanowu ndi wa zaka zingati, ndipo ungathe pa zifukwa ziti?
2. Kodi mwini dzina angalole munthu wina kutsegula pafupi ndi inu, pa msika womwewo?
3. Kodi gawo lake likuwerengedwa pa zogulitsa kapena pa phindu?
4. Kodi mungagule katundu kwa alimi a kuno?
5. Mukafuna kusiya, kodi mungagulitse bizinesiyo kwa wina?

Kachezeni ndi ena amene analowa kale mgwirizano womwewo, mumve za m'kati. Tsimikizani kuti kampaniyo ndi chizindikiro chake zinalembetsedwa ku ofesi ya Registrar General, ndipo pezani loya awerenge mapepala musanapereke ndalama. Chenjerani ndi aliyense wofuna ndalama yolowera pa foni koma alibe sitolo ndi imodzi yomwe yoti mukaione.

Kwa amene muli kale ndi bizinesi yodziwika, monga bekale kapena malo odyera, phunziroli likukhudzaninso. Mukalembetsa dzina lanu ndi kulemba bwino njira yanu yogwirira ntchito, tsiku lina mungathe kubwereketsa dzinalo kwa munthu wa ku Kasinje kapena ku Senzani. Ofesi ya zamalonda ku khonsolo ndi yotsegula kwa onse ofuna uphungu pa za ziphaso ndi kalembera wa bizinesi.