Kukonzanso Chuma ndi Moyo wa Ogwira Ntchito m'Malawi: Mafunso ndi Mayankho

1. Kodi kukonzanso chuma n'kutani?

Ndi ndondomeko yoti boma lisiye kuchita lokha malonda ndi kukhazikitsa mitengo, ntchitozo n'kuzisiya m'manja mwa amalonda. M'Malawi zinayamba mu 1981, dziko litalandira ngongole ya World Bank yokhala ndi mfundo zotere. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi, malonda omwe kale anali a kampani ya boma ya ADMARC, ndipo mu 1996 panakhazikitsidwa lamulo logulitsira makampani a boma.

2. Nanga ntchito zokhazikika zinakhudzidwa bwanji?

Kampani ikamakonzedwa kuti igulitsidwe, kapena ikalephera kupikisana ndi katundu wotchipa wakunja, oyamba kuvutika amakhala antchito. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons ku Blantyre inafooka kaunjika atadzaza m'misika, ndipo pomwe inkagulitsidwa mu 2003 inali itachepetsa kale antchito ambiri. Mu 2022 ADMARC nayo inachotsa antchito ake pofuna kukonzanso kayendetsedwe kake.

3. Kodi ochotsedwawo amapezanso ntchito zofanana ndi zakale?

Ambiri amalowa m'maganyu, m'geni kapena m'kabaza, momwe mulibe tchuthi, penshoni kapena malipiro odziwika a pakutha pamwezi. Ena amalembedwa pa kontilakiti, kutanthauza pangano la miyezi yowerengeka lomwe bwana sakakamizika kulionjezera, kotero wantchito amaopa kudandaula ngakhale akugwira usiku popanda zovala zodzitetezera.

4. Banja limavutika motani?

Malipiro a munthu mmodzi wa m'tauni amadyetsa anthu ambiri, chifukwa amalipira lendi ndi fizi, amagulira makolo kumudzi feteleza, komanso amathandiza pamaliro. Malipirowo akaduka, ana amatumizidwa kwa agogo chaka chasukulu chili pakati, mayi amadzuka mbandakucha kukazinga mandasi ndi mpamba wa banki m'khonde, pamene bambo amakopeka ndi katapila kapena ulendo wa ku Johannesburg, womwe umalekanitsa banja kwa zaka.

5. Kodi lamulo limateteza wochotsedwa ntchito?

Lamulo la ntchito la 2000 limalamula kuti wochotsedwa pa zifukwa za chuma alandire ndalama molingana ndi zaka zomwe wagwira. Komabe ndalamazo zikachedwa, kukwera kwa mitengo kumazidya, ndipo waganyu yemwe alibe chikalata amavutika kupereka umboni kukhoti. N'chifukwa chake boma lisanagulitse kampani liyenera kuyamba laika padera malipiro a ochotsedwa ndi ndalama zowaphunzitsira luso lina.