Mafunso ndi Mayankho: Kodi Kudula Makiyi Kungadyetse Banja?

WOWULUTSA: Bambo athu, mmisiri wa maloko ndi makiyi wa konkuno ku Luchenza, akhala kale pampando. Kalata yoyamba, bambo, yachokera kwa mnyamata wa ku Goliati. Akuti analemba mayeso a Fomu 4 koma ndalama zopitirizira sukulu palibe. Akufunsa kuti munthu wongoyamba kumene ntchito ya maloko amalandira zingati pamwezi.

MMISIRI: Zikomo achimwene. Mwana wanga wa ku Goliati, ambirife pantchitoyi timadya za tsiku lomwelo, olandira pakutha pa mwezi ndi owerengeka. Ukakhala pansi pa mmisiri, chaka choyamba uyembekezere ya nsima ndi ya sopo basi, chachikulu chimene ukutenga ndi luso. Ukadzayima pawekha, usamawerenge ndalama yonse ya kasitomala ngati yako. Chotsapo ya kiyi wosadula uja, ya chiphaso cha kukhonsolo, ya magetsi. Makiyi osadulawo amachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wake unakwera, koma makasitomala ankabwerabe ndi mtengo wakale pakamwa. Komanso ndalama ya kuno imayenda ndi tiyi. Nyengo ya mvula, anthu akamathyola tiyi m'maesiteti, ku Conforzi, ku Naming'omba, ku Makandi, m'matumba mumakhala kanthu, munthu amasintha loko, amadulitsa kiyi wapadera. Ikafika Julaye ndi Ogasiti pamsika pamangoti zii. Osunga za Febuluwale ndiye amadya mu Ogasiti.

WOWULUTSA: Mayi ena a ku Chonde akufunsa ngati mwana wawo wamkazi angaithe ntchitoyi, nanga akaphunzire kuti.

MMISIRI: Angaithe kwabasi, mayi. Loko safuna mphamvu, amafuna diso ndi kuleza mtima. Ambirife tinaphunzirira pa benchi la mmisiri, koma makiyi okha sakwanira kudyetsa banja m'tauni yaing'ono ngati ino. Pitani mukafunse kwa a TEVETA kapena ku Soche Technical ku Limbe za maphunziro a kuwotcherera zitsulo kapena ukalipentala. Wodziwa kupanga geti, kupachika chitseko n'kuikanso loko wake sagona ndi njala.

WOWULUTSA: Iyi yachokera pano pa Luchenza pomwe. Mnyamatayu akuti wangotsegula kumene benchi lake ndipo malonda sakuyenda. Tsiku lina kunabwera bambo atatenga sopo amene anadindapo kiyi, n'kunena kuti kiyi weniweniyo ali ndi mkazi wawo kumudzi. Analonjeza kulipira kuwirikiza katatu. Mnyamatayu anakana, koma akuti mpaka lero mtima ukumuwawa chifukwa tsiku limenelo anagona ndi njala. Kodi analakwitsa?

MMISIRI: Eya, imani pomwepo achimwene, kalata imeneyi musaiike pansi. Mwana wanga, sunalakwitse ngakhale pang'ono, ndipo ndikanakonda anzako onse a pa Bvumbwe, pa Thunga, pa Chitakale atchere khutu. Ndimanena sabata ndi sabata pano, koma makalata ngati awa sakutha. Mwini kiyi amabwera ndi kiyi wake m'manja, kapena amazula loko n'kubwera naye. Wobwera ndi sopo, kapena chithunzi cha kiyi pafoni, ndiye kuti kiyiyo anangomugwira kwa kamphindi mwini wake asakuona. Nanga n'chifukwa chiyani akulipira katatu? Ndalama yapamwambayo ndi yogulira pakamwa pako.

Panali mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa ndekha, manja abwino zedi, kiyi wa loko wa Union ankamudula ndi tupa basi, n'kukatsegula ulendo umodzi. Anatsegula benchi lake, zinthu zikuyamba kuyenda. Kunabwera munthu wodziwana naye, wogwira ntchito m'golosale ina, akuti bwana wandituma, ndipangire kiyi wachiwiri wa kosungira katundu. Iye osafunsa. Shuga ndi mafuta zinayamba kutha usiku, pang'onopang'ono, chitseko chili chokhoma bwinobwino. Apolisi atamugwira wantchitoyo, funso loyamba linali lakuti kiyi anakudulira ndani. Mnyamata uja anagona m'chitokosi. Anatuluka inde, koma Luchenza ndi yaing'ono, nkhani inafika paliponse. Palibe mayi amene anamupatsanso kiyi wa nyumba yake. Anagulitsa zida n'kupita ku Joni. Mpaka pano ndikamuganizira mtima umandipweteka.

Ndiye gulani kabuku, ana anga, kabuku wamba ka sukulu. Wofuna kuti mukamutsegulire nyumba alembe dzina, aonetse chiphaso cha unzika. Kuyambira 2017 ziphasozi zili m'matumba mwa anthu, wokana kuonetsa ali ndi chifukwa chake. Mukafika panyumbapo musafulumire kutulutsa zida. Perekani moni kwa oyandikana nawo, mufunse ngati amenewa ndi eni ake. Mwini nyumba akafuna kuti muthyole loko wa munthu wa lendi chifukwa cha ngongole, muuzeni abwere ndi amfumu kapena apolisi. Chimodzimodzi mabanja opatukana, bambo akufuna kukatulutsa katundu mayi ali kumunda. Nkhani za kwa ankhoswe zimenezo, musalowemo ndi sikuludiraiva yanu. Za njinga zamoto za kabaza ndiye ndatopa nazo kunena. Njinga zikubedwa, aliyense akudziwa. Munthu akakankha njinga n'kunena kuti kiyi wataya, aonetse mapepala a njingayo. Ndipo usiku musayende ndi zida. Lamulo silisekerera munthu wopezeka usiku ndi zida zotsegulira nyumba popanda chifukwa chomveka.

Mumafunsa za tsogolo. Tsogolo lake lili pomwepa. Ntchito zonona ndi za kusukulu, kutchalitchi, kuchipatala, m'maofesi a kuesiteti, komwe zitseko ndi zambirimbiri. Akuluakulu a kumeneko asanaitane mmisiri amayamba afunsa anzawo kuti mnyamata uja ngotani. Akakukhulupirira amakuitana zaka ndi zaka, mpaka kunyumba kwawo.

Nanunso makolo ndikudzudzuleni pang'ono. Mumagula geti la ndalama zambiri n'kukolekapo kaloko kotchipa koti mwana angakathyole ndi mwala. Kiyi mumasiya pansi pa njerwa pakhomo, mudzi wonse ukuona. Loko akayamba kulimba mumathiramo mafuta ophikira, fumbi n'kumatirira, kenako mukuti mmisiri anatigulitsa chinthu chachabe. Palani mtovu wa pensulo, mupake pa kiyi, mulowetse kangapo. Basi.

WOWULUTSA: Nthawi yatithera bambo, koma mwachidule: wina wa ku Makwasa akufuna kutenga katapila kuti agule makina odulira makiyi.

MMISIRI: Ayi, katapila ayi. Ayambe ndi tupa ndi vayisi, manja azolowere kaye, pajatu magetsi akazima makinawo amangokhala. Akapeza makasitomala alowe banki mkhonde, agule makina ogwirapo kale ntchito ku Limbe, koma apite ndi kiyi wake akayesere pomwepo asanapereke ndalama. Za makiyi a galimoto zamakono, aja okhala ndi kachipangizo mkati, anditumizirenso kalata, tidzakambe sabata yamawa.